Siteshoni ya Chipoka ndi Doko la Mangochi

Njanji isanabwere

Kale, makolo athu asanamve kulira kwa sitima ya pamtunda, khomo la nyanja yathu linali ku Mangochi, kumene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja. M'chaka cha 1891 Harry Johnston anamanga linga pafupi ndi mudzi wa Mfumu Mponda, ndipo malowo anatchedwa Fort Johnston. Katundu wochokera kunyanja yamchere ankakwera ndi Zambezi ndi Shire. Pamene mathithi anatseka njira, amtengatenga, amene maina awo palibe anawalemba, ankamusenza pamutu kufikira ku Matope, kumene sitima zina zinkamulandira. Sitima ya nkhondo ya Guendolen inalowa m'madzi kuno mu 1899, ndipo ya amishoni, Chauncy Maples, inatsatira mu 1901.

Madzi aphwa

Koma patapita zaka zowerengeka nyanja inayamba kutsika, mchenga ndi mabango zinatseka pakamwa pa Shire, kotero kuti sitima zimene zinkafika padoko mosavuta zinayamba kuima kutali, katundu n'kumatutidwa pa mabwato.

Njanji ilambalala

Njanji yochokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo inaima pomwepo zaka zoposa makumi awiri. Pamene tsono boma la atsamunda linaganiza zoipititsa kunyanja, silinailozetse ku Fort Johnston ayi, koma inadzera ku Balaka, Sharpevale, Golomoti ndi Mtakataka, nikhudza nyanja pa Chipoka, nikathera ku Salima mu 1935, chaka chomwecho chimene mlatho waukulu wa Dona Ana unatsegulidwa pa Zambezi. Kuyambira pamenepo katundu wochokera ku Beira ankafika pagombe la nyanja yathu osatsitsidwa panjira. Chimenechi chinali chinthu chachikulu ku dziko, koma kwa anthu a ku Mangochi linali tsoka, pakuti malonda amene anawadyetsa zaka zambiri anasamukira kwina.

Pamene njanji inakumana ndi nyanja

Pa Chipoka mpamene munthu wa ku Karonga kapena ku Nkhata Bay ankatsika sitima ya pamadzi ndi kukwera ya pamtunda, ena kupita ku Limbe, ena kunka kutali kukafuna ntchito ku Salisbury ndi ku Joni. Mpamenenso mpunga ndi thonje za kumpoto zinkalongedwa m'mabogi. Kampani ya Nyasaland Railways ndiyo inkayendetsa sitima zonse ziwiri. Imodzi mwa sitima zake, Vipya, inamira kumpoto kwa nyanja pa 30 Julaye 1946, ndipo anthu 145 anatsikira kuli chete. Chikumbutso chawo chili pa nsanja ya wotchi ya ku Mangochi, imene inamangidwa mu 1903. Ilala, imene inadzalowa m'malo mwake, inalumikizidwa ku Monkey Bay ndi kuyamba ulendo mu 1951.

Chipoka nayo izirala

Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Misewu ya tala itamangidwa m'mbali mwa nyanja, malole ndi mabasi anatenga katundu ndi anthu, monga momwe njanji inalandira Mangochi malonda ake; ndipo ngakhale njanji inapitirira kufika ku Lilongwe mu 1979, nayo kampani ya Central East African Railways n'kuilandira mu 1999, sitima zonyamula anthu zinaleka kuima pa Chipoka. N'zomvetsa chisoni ndithu kuti malo amene analumikiza kumpoto ndi kummwera asiyidwe chomwecho, pamene nyanja ndi njanji zonse zikadalipo.

Munthu wa ku Mangochi wofuna kukwera sitima ya pamtunda lero amapita ku Balaka, kapena ku Liwonde, pa njanji ya ku Nayuchi imene inatsegulidwa mu 1970.