Sarah Churchill, Duchess wa ku Marlborough

Sarah Churchill (1660–1744) anali mayi wolemekezeka wa ku England amene kwa zaka zingapo mawu ake ankamveka kuposa a nduna zambiri za boma. Gwero la mphamvu zakezo linali ubwenzi wake ndi Mfumukazi Anne.

Anabadwira pafupi ndi St Albans m'banja la a Jennings, ndipo bambo ake, Richard Jennings, anali phungu wa nyumba ya malamulo. Mu 1673 anapita kunyumba yachifumu kukatumikira Mary wa ku Modena, mkazi wa James amene anadzakhala Mfumu James II. Kumeneko ndiko anadziwana ndi Anne, mwana wa James, yemwe anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu. Anne anali wamanyazi, pomwe Sarah ankalankhula mosapsatira. Anakondana zedi mpaka anapatsana mayina a m'makalata, Anne kukhala Mrs Morley ndipo Sarah Mrs Freeman, kuti polemberana pasamaoneke wamkulu ndi wamng'ono.

Sarah anakwatiwa mwachinsinsi ndi msilikali John Churchill, ngakhale makolo a mwamunayo ankafuna mkazi wachuma. Mu 1688, William wa ku Orange atafika ku England ndi gulu lake la nkhondo kudzalimbana ndi Mfumu James, John anagalukira mfumuyo, ndipo Sarah anathawitsa Anne usiku kuchoka mu London kupita ku Nottingham.

Anne atalowa ufumu mu 1702, anapatsa Sarah maudindo akuluakulu a m'nyumba mwake: kuyang'anira zovala za mfumukazi, kusunga chikwama chake cha ndalama, ndiponso kunyamula kiyi wagolide wa zipinda zake. John anapatsidwa ulemu wa Duke wa ku Marlborough, ndipo atagonjetsa Afalansa pa nkhondo ya ku Blenheim mu 1704, boma linayamba kumumangira chinyumba cha Blenheim Palace ku Woodstock. Mmisiri wake, John Vanbrugh, anakangana ndi Sarah pa nkhani ya ndalama mpaka anasiya ntchito.

Chimene chinapha ubwenziwo ndi ndale komanso pakamwa. Sarah anali wa chipani cha Whig, pomwe mtima wa Anne unkapendekera ku Tory, ndipo Sarah ankamukalipira mfumukazi ngati akadali kamtsikana kaja. Choseketsa n'chakuti amene anamulanda malo, Abigail Masham, anali msuweni wake amene iye mwini anamupezera ntchito kunyumba yachifumuko. Abigail ankadziwa kukhala chete ndi kumvetsera. Sarah ndi Anne anaonana komaliza mu 1710 ku Kensington Palace, ndipo mu 1711 Sarah anabweza kiyi uja. Iye ndi mwamuna wake anakakhala kunja kwa dziko mpaka 1714, chaka chimene Anne anamwalira.

Mwana wawo wamwamuna, John, anamwalira ndi nthomba ku Cambridge mu 1703 ali ndi zaka 16. Pofuna kuti dzina lisafe, nyumba ya malamulo inalola kuti ulemu wa Marlborough udutse mwa ana aakazi, choncho bambo atamwalira mu 1722 analowa m'malo ndi Henrietta, mkazi wa Francis Godolphin. Mng'ono wake wa Henrietta, amenenso dzina lake linali Anne, anakwatiwa ndi Charles Spencer, ndipo m'banja limeneli ndimo munadzachokera Winston Churchill, wobadwira ku Blenheim mu 1874, komanso Diana Spencer.

Pa chuma Sarah anali wochenjera kwambiri. Mu 1720 anagulitsa masheya ake a South Sea Company mtengo usanagwe, anthu ambirimbiri n'kutsala akulira. Mu 1742 anatulutsa buku lofotokoza mbali yake pa mkangano wake ndi Anne. Anamwalira ku Marlborough House mu London mu 1744 ali ndi zaka 84. Chuma chambiri anasiyira mdzukulu wake John Spencer, pomwe William Pitt, wandale wachinyamata amene ankatsutsa Robert Walpole, mdani wake wa Sarah, analandira mapaundi 10,000.