Injini Yozima Ikatentha ndi Mbiri ya Amakanika a ku Chipangali

Ntchito yokonza njinga zamoto ku Chipangali inaphukira pa njinga yakapalasa. Chipata, tauni yapafupi yomwe atsamunda ankaitcha Fort Jameson, ndi kwawo kwa njinga kuyambira kale, ndipo m'zaka za m'ma 1980 fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle m'tauni momwemo. M'mbali mwa msewu wa ku Lundazi munali amisiri omata machubu ndi kuwongola masipoko pansi pa mitengo ya mango. Njinga zamoto zinali zowerengeka, makamaka za alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi amishoni, za mtundu wa Honda XL ndi Yamaha DT, zopangidwira njira zokumbika. Amakanika oyamba anaphunzirira pa njinga zimenezi, ndipo ndikukhulupirira kuti chimene chinanola nzeru zawo ndi kusowa kwa masipeya.

Mtengo wa kopa utagwa cha m'ma 1975, Zambia inasowa ndalama zakunja, moti sipeya yaing'ono inkavuta kupeza. Makanika sakanatha kugula chinthu mongoganizira. Palibe vuto limene linkayesa mutu wake kuposa injini yolira bwino m'mawa koma yozima ikangotentha, chifukwa pofika nayo kwa mmisiri imakhala itazirala ndipo ikulira ngati yabwinobwino. Ankayenera kuikwera mpaka izime, n'kuifufuza ikadali yamoto. Choyamba ankatsegula chivindikiro cha thanki. Mpweya ukamveka ukulowa kuti fyoo, ndiye kuti kabowo kopumira kadzala fumbi ndipo petulo sakutsika. Kenako ankamasula pulagi, kuigunditsa pa injini n'kuponda kiki. Moto ukasowa, kapena ukakhala wofooka, koma n'kubwerera injini ikazirala, ankadziwa kuti koyilo yatha, popeza timawaya ta m'kati mwake timasiyana tikafutukuka ndi kutentha. Pulagi yakuda bii inkaulula kuti petulo wachuluka, mwina chifukwa cha choki yoiwalidwa kapena sefa ya mpweya yotsekeka ndi fumbi la mu Okutobala. Pomaliza, pa Honda, ankayeza mpata wa mavalavu, womwe sufika n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita. Mpatawo ukachepa, chitsulo chotentha chimatalika, valavu sikhala bwino pampando wake, ndipo mphamvu ya injini imathawira pomwepo. Pa zinayi zonsezi, chimodzi chokha ndicho chimafuna kugula sipeya.

Zinthu zinasintha pamene Bajaj Boxer ndi TVS za ku India, pamodzi ndi njinga zotchipa za ku China, zinadzaza misewu ya kum'mawa. Mmene Chipangali inkakhala boma palokha mu 2018, njinga yamoto inali itasanduka chuma cha mlimi wamba, yogulidwa ndi ndalama za soya, mtedza kapena fodya, yonyamula matumba ndi odwala omwe. Masipeya anachuluka m'masitolo a ku Chipata, ndipo m'magalaja ambiri kufufuza kunalowedwa m'malo ndi kusintha: pulagi lero, kabureta mawa, koyilo mkuja.

Ena angati palibe cholakwa pamenepa. Kabokosi ka CDI, kamene kanalowa m'malo mwa mapoyinti akale oyatsira moto wa pulagi, n'komata ndipo sikakonzeka. Kabureta yatsopano nayo nthawi zina imatchipa kuposa tsiku lathunthu la ntchito. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo anyamata a masiku ano sayenera kunyozedwa, pakuti ndiwo akuyendetsa midzi ya kwa Chanje ndi kwa Chinunda kumene galimoto sifika nthawi ya dzinja. Koma kutchipa kwa sipeya sikuuza munthu sipeya yoti agule. Ngakhale CDI yosakonzekayo imafuna kuti makanika ayambe watsimikiza kuti moto ndiwo ukusowa injini ikatentha. Kampani ya Honda inatulutsa CG125 mu 1975 itaona kuti m'maiko osauka anthu sasintha oyilo pa nthawi yake, ndipo injiniyo inalimbadi, komabe mavalavu ake amafuna kuyezedwa mpaka lero. Mlimi amene wagulitsidwa kabureta pomwe vuto lili pa valavu yothina amabwerera kumudzi njinga ikulira, chifukwa yazirala. Pakapita milungu ingapo valavuyo imapsa, ndipo ntchito yomwe ikanatha ndi sipanala ndi sikuludiraiva imafuna kutsegula mutu wonse wa injini.