Dagenham, Mudzi Umene London Anaumeza

Kum'mawa kwa London, kumene mtsinje wa Thames umafutukuka polinga kunyanja, kunali mudzi wa alimi wotchedwa Dagenham, umene kwa zaka mazanamazana unakhala phee m'dera la Essex, utazinga tchalitchi chake cha Petro ndi Paulo Oyera, eni ake akulima ndi kulimbana ndi madzi. Pakuti mu 1707 mtsinjewo unaboola khoma lotchinga numiza madambo, ndipo zinapita zaka zoposa khumi mpatawo usanatsekedwe.

Itatha nkhondo yaikulu yoyamba, akuluakulu a London County Council, poona amphawi a ku East End atathithikana m'zipinda zachinyontho, anagula minda ya kumeneko, namangamo, pakati pa 1921 ndi 1935, nyumba zoposa 25,000 pamalo otchedwa Becontree. Banja limene kale linkalimbirana mpopi umodzi ndi anansi linapeza madzi m'nyumba, chimbudzi chakechake, gasi wophikira, ndi kadimba kumaso ndi kuseri, zinthu zimene makolo awo sanazilote n'komwe. Komatu walira mvula walira matope: nyumba zinatsogola, sukulu ndi masitolo zinatsalira m'mbuyo, ntchito inali kutali, ndipo malo omwera mowa olamulawo anawachepetsa dala, ati kuti anthu aphunzire kudziletsa, ngati kuti ludzu limamvera khonsolo. Mpumulo unadza fakitale ya galimoto ya Ford itatsegulidwa mu 1931, ndi sitima zamagetsi za pa njanji ya District zitafika mu 1932.

Mu 1965 Dagenham anachotsedwa ku Essex nalowa mu Greater London. Ndipo lamulo la 1980 litalola okhala m'nyumba za khonsolo kuzigula, ambiri a ku Becontree anagula zawo, nasintha zitseko ndi mazenera monga mwa kufuna kwawo.