MBIRI YA KUCIZA MAGANIZO NDI MAU

 Lero tikambe mbiri ya kuciza nthenda za maganizo.

Kale, m'masiku a Northern Rhodesia, munthu akadwala misala kwambiri anali kumtumiza ku Ingutsheni, ku Bulawayo, kutali ndi abale ace. Cipatala ca Chainama ku Lusaka cinatsegulidwa m'caka ca 1962. Koma ambiri obvutika mumtima sali amisala ai. Ali anthu oyenda pakati pathu, osagona tulo, osamva kukoma kwa nsima, odzala ndi nkhawa. Amenewa analibe kopita.

M'zaka za m'ma 1960 dokotala wina wa ku Philadelphia, dzina lace Aaron Beck, anali kumvetsera anthu odwala cisoni cosatha. Iye anaona kuti m'mitu mwao mumabwera maganizo odziweruza okha, ndipo iwo awakhulupirira osawafunsa. Pamenepo panayambira njira imene madokotala aicha CBT.

Tiyeni tiyerekeze. Munthu wacotsedwa nchito pamgodi. Ganizo limuuza kuti, "Ndine wacabecabe, ana anga andipeputsa." Cifukwa ca ganizolo adzitsekera m'nyumba, apewa anzace, athawira ku mowa, ndipo cisoni cikula. Mlangizi wa CBT amfunsa kuti, "Kodi umboni wace uli kuti? Mnzanu atacotsedwa nchito, mungamuche wacabecabe?" Kenaka apangana kanthu kakang'ono kocita sabata imeneyo, monga kulima dimba kapena kukaceza kwa mbale. Akabweranso aona pamodzi cimene casintha. Motero ganizo, mtima ndi zocita ziwongolana pang'onopang'ono.

Ena anati njira iyi ndi ya Azungu okha. Koma inayesedwa kwathu kuno. Ku Lusaka, Laura Murray wa ku Johns Hopkins ndi anzace a m'Zambia anaphunzitsa alangizi amene sanali madokotala, ndipo anaiyesa pa ana 257 amene anaona zoopsya. Zotsatira zace zinalengezedwa mu 2015: ana olandira cithandizoci anapeza bwino koposa enawo. Mu 2020 kunamvekanso za mabanja 248 a ku Lusaka komweko: mwa amene analandira uphungu wotere, nkhanza kwa akazi ndi kuledzera kwa amuna zinacepa. Ku Harare, Dr. Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenci pafupi ndi kiliniki, kuthandiza anthu kumasula mabvuto ao limodzi limodzi.

Thupi nalonso lipindula. Njirayi ithandiza osowa tulo, ndiponso iphunzitsa a msana wowawa zaka zambiri kupirira ululu osasiya kuyenda. Koma siilowa m'malo mwa mankhwala: wa cifuwa cacikulu kapena wa HIV amwebe mankhwala ace.

Mu 2019 Zambia inakhazikitsa lamulo latsopano losamala ufulu wa odwala maganizo, m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda. Koma lamulo siligogoda pakhomo la munthu, ogogoda ndife. Mbale wanu akatha masabata ali cete, osadya, osagona, musamseke. Pitani naye kukiliniki kapena ku cipatala cacikulu ca Ndola. Akanena za kudzipha, pitani tsiku lomwelo. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Tsalani bwino, abale.