Kupewa ngozi m'malo osungiramo makompyuta akuluakulu: zomwe zidachitika ku Daejeon

Malo osungiramo makompyuta akuluakulu, omwe pa Chingerezi amatchedwa data centre, ndi nyumba momwe maboma, mabanki ndi makampani amaikamo makina osunga zikalata ndi kuyendetsa ntchito zawo usana ndi usiku. Mwa ngozi zomwe oyang'anira malowa amakonzekera ndi kuthima kwa magetsi, kutentha kwa makina, moto, madzi osefukira komanso mbava za pa intaneti.

Pofuna kuti makina asazime magetsi akathima, malowa amakhala ndi majenereta komanso mabatire ogwiriziza makompyuta kufikira jenereta italira. Koma mabatire a mtundu wa lithium-ion akatentha mopyola muyeso amabutsa moto wovuta kuuzimitsa, womwe umatha kuyakanso utazimitsidwa kale.

Izi zidaoneka pa 26 September 2025 mumzinda wa Daejeon m'dziko la South Korea, pa malo a National Information Resources Service, nthambi yosamala makompyuta a boma. Moto udabuka pomwe amisiri amasamutsa mabatire kuchoka pafupi ndi makompyuta kupita nawo kuchipinda chapansi, ntchito yomwe cholinga chake chidali kuchepetsa ngozi yomweyo. Motowo udatenga maola pafupifupi 22 kuti uzimiretu. Makina 96 adaonongeka, ndipo ntchito za boma zoposa 600 za pa intaneti zidaima, kuphatikizapo za positi ndi ziphaso za pafoni.

Chomwe chidakhudza kwambiri ogwira ntchito m'boma ndi kupsa kwa G-Drive, nkhokwe momwe amasungiramo zikalata zawo za kuofesi. Nkhokweyi idali ndi zinthu zokwana ma terabyte 858, ndipo kaamba ka kukula kwake akuluakulu sadasungeko zikalatazo kumalo ena.

Aka sikadali koyamba m'dzikolo. Pa 15 October 2022, moto wa mabatire pa malo a kampani ya SK C&C ku Pangyo udasokoneza KakaoTalk, njira yotumizirana mauthenga yomwe anthu ambiri kumeneko amadalira.

Malinga ndi luso la ntchitoyi, kupewa ngozi kumayambira pa mapulani a nyumba. Mabatire amayenera kukhala m'chipinda chawochawo chotchingidwa ndi makoma osagwira moto, ndipo magetsi, zoziziritsira makina ndi nthambo za intaneti ziyenera kukhala ndi njira ziwiri kuti ina ikafa inzake ipitirize. Bungwe la Uptime Institute limagawa malowa m'magulu anayi, kuyambira Tier I mpaka Tier IV. Pa Tier III makina amakonzedwa popanda kuimitsa ntchito, pomwe pa Tier IV ntchito imapitirira ngakhale chipangizo china chitaonongeka mwadzidzidzi.

Ngakhale zili choncho, gulu lapamwamba silipulumutsa zikalata zomwe zili m'nyumba imodzi yokha. N'chifukwa chake unduna kapena nthambi ya boma imayenera kusunganso zikalata zake kumalo ena akutali, ndi kumayesa kawirikawiri ngati zingabwezeretsedwe m'nthawi yake.