Mpikisano wa makampani opanga ndege za anthu olemera

Ndege zing'onozing'ono za jeti, zomwe amakwera eni makampani, atsogoleri a mayiko ndi anthu achuma, zidayamba kutchuka m'chaka cha 1963 pomwe Learjet 23 idauluka koyamba ku Wichita, m'dziko la America. Inali yaliwiro koma yothina, moti munthu sankatha kuimirira m'kati mwake.

Lero phindu lalikulu lili pa ndege zotakasuka zouluka mtunda wautali osatera, ndipo amene akulimbirana ogula ndi Gulfstream ya ku America, Bombardier ya ku Canada ndi Dassault ya ku France. Gulfstream idatsogola ndi G650 mu 2012. Bombardier idayankha mu 2018 ndi Global 7500, yomwe imauluka makilomita oposa 14,000 osamwetsa mafuta, kenako Gulfstream idabweranso ndi G700 mu 2024.

Kupanga ndege yatsopano kumadya ndalama zankhaninkhani kwa zaka zambiri kampani isanagulitse ngakhale imodzi, choncho kuphonya pang'ono kumapweteka. Dassault, yomwe mu 2007 idatulutsa Falcon 7X, ndege yoyamba ya mtunduwu yowongoleredwa kudzera m'makompyuta, idasiya ntchito yopanga Falcon 5X mu 2017 chifukwa injini za Silvercrest zomwe inkadikira kwa Safran zidachedwa kwambiri. Idasankha injini za Pratt & Whitney Canada, ndipo ndege yolowa m'malo, Falcon 6X, idayamba kunyamula anthu mu 2023. Bombardier nayo, itamira m'ngongole, idasiya ndege yake ya CSeries m'manja mwa Airbus, nthambi yake ya sitima n'kugulitsa kwa Alstom. Ngakhale Learjet, yomwe idagula mu 1990, idaleka kupangidwa mu 2022. Kampani ya Aerion, yomwe inkalonjeza ndege yothamanga kuposa mawu, idatsekedwa mu 2021 isanaulutse n'imodzi yomwe.

Amalawi ndegezi amazidziwira mbali ya mtengo. Mu 2009 boma la Bingu wa Mutharika lidagula Falcon 900EX pa ndalama pafupifupi madola 22 miliyoni, zomwe zidachititsa Britain kuchepetsa thandizo lake. Boma la Joyce Banda lidaigulitsa mu 2013 pa madola 15 miliyoni.