Machona M'nyuzipepala ndi Owerenga a ku Likhubula

Munthu wofuna kumvetsa mmene anthu a ku Likhubula, m'tsinde mwa thanthwe la Chambe, amalandirira nkhani za m'nyuzipepala zonena za abale awo okhala kunja, ayambe wakumbukira kuti Mulanje asanayambe kutumiza ana ake ku Joni ndi ku Halale, anali atayamba kale kulandira alendo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, Alomwe ankaoloka Ruo ndi Muloza m'magulumagulu pothawa msonkho ndi ntchito ya kalavulagaga ya Apwitikizi, nagwera m'thangata la m'minda ya azungu. Ndipo nyuzipepala ya azunguwo, imene idayamba mu 1895 ndi dzina loti Central African Planter nidzatchedwa Nyasaland Times pambuyo pake, ikamatchula za alendowa inkawaona ngati manja othyola tiyi ndi kupalira thonje basi. Choncho ambiri mwa owerenga a kuno lero ndi zidzukulu za anthu amene adalembedwapo m'nyuzipepala popanda wowafunsa maganizo.

Pamene bungwe la Wenela lidayamba kulemba anthu a ku Nyasaland ntchito za m'migodi mu 1903, eni minda adadandaula kwambiri, ndipo dandaulo lawolo silinali la chifundo pa wopitayo koma la kuchepa kwa antchito. Mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera m'maiko otentha ano chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, koma anthu sadaleke kupita. Ankayenda wapansi kudzera ku Tete, kuoloka Zambezi, kukafika m'minda ya fodya ya ku Rhodesia ndi kumgodi wa malasha ku Wankie. Zonsezi zinkalembedwa m'Chingerezi, chilankhulo chimene mayi wotsala ndi ana pakhomo sankachimva. Nyuzipepala yake inali kalata. Ikafika, itapindika ndi kuda chifukwa chodutsa m'manja ambiri, ankaitana mnyamata wa pasukulu ya mishoni, banja lonse n'kukhala pamphasa. Mnyamatayo ankawerenga moni wa aliyense ndi dzina lake, kenaka za ndalama zimene zaikidwamo, kenaka za uje wa m'mudzi wakuti amene wadwala kapena wamwalira, ndipo akamaliza ankamuuza kuti abwereze, kuopa kuti mawu ena adumphidwa. Apa m'pamene padabadwira chizolowezi chimene chakhalapo mpaka lero, choti mbiri ya wapaulendo imakhulupirika ikachokera kwa mwini wake kapena kwa yemwe wamuona ndi maso.

Mu 1935 komiti imene boma la atsamunda lidaika kuti ifufuze za anthu opita kunja idapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, ndi kuti ambiri mwa iwo anali machona, osayembekezekanso kubwerera. Ngakhale kuti maboma a kumpoto ndiwo adakokoloka amuna koposa, popeza kuno minda ya tiyi inkagwirako ena, Mulanje naye sadapulumuke, makamaka pamene malole a Ulere ndi a Mthandizi adafewetsa ulendo wa ku Halale. M'zaka za m'ma 1950 anthu adayamba kuwerenga za abale awo m'chilankhulo chawo, mu Msimbi ya boma ndi mu Bwalo la Nyasaland imene inkasindikizidwa ku Salisbury. Koma imeneyi inalinso nthawi ya Chitaganya, chimene chidakhazikitsidwa mu 1953 anthu asakufuna, ndipo amene ankachikana kwambiri anali omwe adalawa okha chitupa ndi tsankho la kumwera. Nyuzipepala ikatama ubwino wokhala pamodzi ndi Rhodesia, wowerenga ankatembenukira kwa mkulu wobwera kumene ku Bulawayo namufunsa ngati zilidi tero, pakuti amene wagona m'nyumba ndiye adziwa podontha.

Ufulu utabwera mu 1964, tikadayembekeza kuti wapaulendo apeza womulankhulira, popeza Dr Kamuzu Banda nayenso adagwirapo ntchito kumgodi ku Johannesburg ali mnyamata. Koma nyuzipepala ziwiri zazikulu za nthawiyo, Malawi News ndi Daily Times, zinali m'manja mwa wolamulira, ndipo Mmalawi wa kunja zinkamudziwa m'mitundu iwiri yokha: wantchito womvera wobweretsa chuma m'dziko, ndi chigawenga. Dzina lachiwirili lidagwera nduna zimene zidathawa zitasemphana ndi Kamuzu mu 1964, monga Kanyama Chiume ndi Henry Masauko Chipembere, pamodzi ndi onse owatsata. Ndipo a Mboni za Yehova amene adathamangitsidwa m'zaka za m'ma 1970, ambiri nakakhala ku Milange kungodumpha malire athuwa, masautso awo anthu ankawamva m'manong'onong'o. Owerenga adaphunzira kuwerenga ndi pakamwa potseka. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela yobweza anthu kumudzi idagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi 74 adafera pomwepo. Kamuzu adaimitsa kulemba anthu, amuna oposa 100,000 nabwerera kwawo m'zaka ziwiri zotsatira. Nkhani imeneyi sikadabisika. Koma za fumbi la m'mgodi limene linkadya mapapo pang'onopang'ono, mwamuna n'kumatsokomola m'khonde mpaka kumanda, mudzi unkazidziwa wokha. Teba, imene idalowa m'malo mwa Wenela kulemba anthu kutayambiranso, idasiya kulemba Amalawi mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi kufuna kachilombo ka Edzi, ndipo mbiri imene idamveka kumwera inali yoti Mmalawi ndi wobweretsa matenda.

Kuyambira mu 1993, chaka chimene Aleke Banda adayambitsa The Nation, pakamwa padatseguka, ndipo masamba a Chichewa monga Tamvani, Tikambe ndi Fuko adafikitsa nkhani kwa anthu wamba. Ndikuyamika ndithu kuti atolankhani athu sadagone pamene chipolowe chothamangitsa alendo chidabuka ku Alexandra, ku South Africa, mu Meyi 2008, anthu 62 n'kuphedwa m'dziko lonselo, ngakhalenso pamene chidabukanso ku Durban mu Epulo 2015, boma n'kutumiza mabasi okatenga anthu ndi kuwatula pa Kamuzu Stadium mu Blantyre. Zithunzi za amayi otsika basi ndi kathumba kamodzi m'manja, mwana kumbuyo, zidagwetsa misozi ngakhale kwa amene alibe wawo kumeneko. Komabe tiyang'ane bwino nthawi zimene wapaulendo amafika patsamba loyamba: akaphedwa, akatsekeredwa ku Lindela kudikira kuthamangitsidwa, akagwidwa ndi mlandu. Ndipo chifundo cha owerenga sichichedwa kusanduka mkwiyo, monga zidaonekera mu Meyi 2020, pamene anthu mazanamazana obwerera ku South Africa adathawa pabwalo lomwelo asanamve zotsatira za kuyezedwa Covid-19. Amene dzulo lake tinkawalirira, tsiku limenelo tidawatcha obweretsa mliri, osafunsa kuti m'bwalomo adagona bwanji ndipo adadya chiyani.

Lero kalata yasanduka foni. Mnyamata amene adasiya kunyamulira alendo katundu panjira ya Chapaluka napita kukalima maluwa m'mabwalo a eni ake ku Cape Town amatumiza mawu pa WhatsApp usiku uliwonse, ndipo mayi ake akamva pawailesi kuti ku Joni kwavuta, sayamba akhulupirira asanamve liwu la mwana wawo. Nkhani za amayi ozunzika m'nyumba za ku Oman, ndi za achinyamata amene adayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel mu Novembala 2023 nkhondo ili m'kati, zidawerengedwa chimodzimodzi: ena ankati nyuzipepala zikukokomeza pofuna kutsekereza osauka mwayi, ena ankati zikuchenjeza, ndipo mbali zonse ziwiri zinkafunafuna wachibale wa munthu amene ali komweko kuti aweruze. Chimene owerenga a kuno amadandaula nacho nthawi zambiri n'chakuti nyumba ya malata yomangidwa ndi ndalama za pa Mukuru, fizi ya mwana wa ku sekondale, ndi thandizo limene lidachokera kunja namondwe wa Freddy atasakaza Mulanje mu Malichi 2023, siziyesedwa nkhani zoyenera mutu waukulu. Dandaulo limeneli ndi loona.

Koma pali chinthu chimene chimandiwawa mtima. Muyeso wabwinowu timautulutsa pokhapokha wonenedwayo ali wathu. Nyuzipepala za ku South Africa zikalemba kuti alendo ndiwo akuba ntchito ndi kuchulukitsa umbanda, timakana ndi mphamvu, chifukwa tikudziwa mlongo wathu amene amadzuka m'bandakucha kukachapa zovala za eni. Koma nyuzipepala zomwezo zikatchula munthu wa ku Nigeria pamodzi ndi mankhwala ozunguza bongo, timangomeza osatafuna, n'kuweruza mtundu wonse wa anthu oposa 200 miliyoni, ati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, kuiwala aphunzitsi, madokotala ndi ansembe a mtunduwo amene atumikira m'maiko ambiri, kuno komwe. Momwemonso pamene mitembo ya anthu a ku Ethiopia idapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba mu Okutobala 2022, ndi pamene othawa nkhondo adasonkhanitsidwa m'matauni mu 2023 kubwezedwa ku Dzaleka, ambiri adawerenga monga za anthu opanda mayi, chonsecho chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono inu akonzi a nyuzipepala, tumizani atolankhani anu akacheze ndi wapaulendo iye ali moyo ndi pantchito yake, asamadikire bokosi pa Mwanza. Ndipo inu owerenga a ku Likhubula, amene agogo anu adaoloka Ruo ndi mtolo pamutu nalembedwa ndi anthu osawadziwa, mukawerenga za mlendo wa mtundu uliwonse funsani mafunso omwe mumafunsa akanenedwa mwana wanu: walemba ndani, wamuona ndani, ndipo mwini wakeyo wati chiyani.